Ankhoswe Anga Anaweruza za Mpira

Khutu langa la kumanzere silimva. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akandiona ndikupendeketsa mutu pocheza nawo amayesa ndi matama, ena amati ndi chizolowezi cha atelala chopenyera ulusi pa singano. Si matama ayi. Mwamuna amene ndinali naye pabanja anandiwomba khofi masana dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba yathu ya lendi ku Balaka, ine ndili ndi lichero la nyemba m'manja. Mlandu wanga unali wofunsa kumene anagona. M'khutumo munalira ngati mwalowa njuchi, kenako munayamba kutuluka mafinya, ndipo patapita masabata munangoti zii. Kuchipatala anaunikamo ndi katochi, n'kundiuza kuti za m'kati zinawonongeka ndipo ndachedwa kubwera. Makina anga osokera ndinakawasungitsa kwa mnzanga amene tinkasokera naye pakhonde limodzi, ine n'kukwera basi kubwerera kwathu ku Chikweo. Masiku amenewo ndinkati "amuna anga". M'nkhani ino ndizingoti mwamunayo, ulemu winawo unatha.

Kwathu amayi anamwalira kale. Pakhomo pali mayi aang'ono, amene anatilera, munthu wa manja achangu wosadziwa kukhala osagwira kanthu. Iwowo ndinawauza zonse tsiku lomwe ndinafika. Analira, anandigwira kumutu, kenako anati, "Mwanangu, izi si za ine. Izi n'za ankhoswe." Nkhoswe wanga anali achimwene anga aakulu, mphunzitsi wa ku sekondale ina ya m'boma lathu lomweli la Machinga. Ndinawaimbira foni, koma nditangoyamba kuti, "Achimwene, bambo aja andi…" anandidula pakamwa.

"Iyayi chemwali, usanene panopa. Nkhoswe akamva mbali imodzi pafoni amakafika pa nkhani atakwiya kale. Zonse udzanene pamaso pa tonse, mpata ndidzakupatsa wokwanira. Ine ndine munthu wa dongosolo."

Dongosolo la achimwene ndinkalidziwa. Ali mnyamata anapita ku seminale, tonse tikuti banja lathu latulutsa wansembe. Unsembe unawakana, koma anabwerako ndi matenda ena: basiketibo, mpira uja amanjanjitsa pansi ndi dzanja n'kuuponyera m'kamkombero ka pamwamba. Kumeneko kunali wansembe wachizungu amene ankawaonetsa matepi a masewero a ku Amereka Lamulungu masana, ndipo achimwene anasankhapo wosewera mmodzi n'kumuika pamalo pamene panayenera kukhala oyera mtima. Chithunzi chake chinali m'chipinda mwawo pafupi ndi kamtanda ka pakhoma. Anakhomera limu ya njinga pamtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, n'kumaponyamo mpira wa mapepala okulunga, ife tikuwawerengera. Limuyo ilipobe, yadzimbiri, mtengo unaimeza theka. M'mudzi mwathu munalibe wodziwa mpira umenewu, anthu ankadziwa wa miyendo ndi netibo basi. Choncho achimwene anakhala zaka zambiri ndi nkhani m'kamwa yopanda woiuza, n'kumangoitsanulira pa ife tikusenda chinangwa. Dzina la munthu wawoyo ndikulidziwa mpaka lero, koma sindilemba pano. Iye sandidziwa ine.

Chimene ndinkafuna sichinali chachikulu. Ndinkafuna kukhala pamphasa, ankhoswe onse awiri ali pamipando, mwamunayo ali pomwepo, ndinene ndi pakamwa panga kuti khutu ili lafa, walipha ndi uyu, ndipo ku Balaka sindibwererako. Ndinkafuna amve a kwawo, asadzanene mawa kuti mkazi uja anangothawa banja popanda chifukwa. Mawuwo ndinawakonza ndithu. Ndinkawayeseza popita kumjigo, n'kumachotsamo ena oti angandiliritse, chifukwa mkazi akalira pa nkhani anthu amamva kulirako, mawu ake osawamva.

Kwathu mwamuna wolakwa sabwera chimanjamanja. Amabwera ndi nkhuku yopepesera, yamoyo, yomangidwa miyendo, ndipo imagona pamthunzi mpaka nkhani itakambidwa. Mkazi akalandira kupepesako imaphedwa, ankhoswe amadyera limodzi, ndipo akasamba m'manja zathera pomwepo. Woiyambanso nkhaniyo ndiye amasanduka wolakwa. Mkazi akakana, nkhuku imabwerera kumene yachokera ili ndi mutu wake. Mwana aliyense wa kwathu amadziwa zimenezi, ngakhale amene sanapite ku seminale.

Anabwera Loweruka lina la mwezi wotentha, mango atayamba kupsa. Achimwene anali atafika kale m'mawa, atavala tayi. Njinga yamoto inalowa pakhomo dzuwa litakwera, mwamunayo akuyendetsa, tambala wofiira akulendewera chamutu pansi pa chiwongolero. Kumbuyo kunali nkhoswe wake, msuweni wake wa kwa Nsamala, bambo wamtali amene anakhala zaka zambiri ku Joni n'kubwerako ndi nsapato zosongoka ndi foni yaikulu ngati mbale ya ndiwo. Ndinali nditawaonapo kamodzi kokha, pa chinkhoswe chathu. Nkhoswe woyamba, malume ake a mwamunayo, anali atamwalira, ndiye awa anangolowa m'malo. Ndi achimwene anali asanachezepo.

Malonje anachitika pakhonde, onse bwinobwino. Tambala anamugoneka pafupi ndi mtondo. Ine ndinagwada, ndinapereka moni kwa alendo, mwamunayo osamuyang'ana. Kenako achimwene anati, monga mwa mwambo, ankhoswe ayambe apita paseri okhaokha kukagwirizana mmene ayendetsere nkhani.

"Alamu, inu khalani pakhonde pompano. Chemwali, lowa m'nyumba. Tikuitana posachedwa."

Anatenga mipando iwiri n'kukakhala pansi pa mango uja, pafupi ndi zenera la chipinda chimene ndinkagona. Ndinakhala pabedi, khutu lamoyolo ndalozetsa kuzenera. Ndinali wokonzeka.

Anayamba bwino. Ndinamva achimwene akukonza kukhosi. "Tsono achimwene, nkhani ya ana athuwa…"

"Dikirani pang'ono aphunzitsi, ndizimitse foniyi, ingatisokoneze."

Ulemu umenewo ndi umene unandipha ine. Foni itayaka, pagalasi pake panali chithunzi cha munthu atavala malaya opanda manja, mpira uli m'dzanja. Ine sindinachione, ndinangomva mawu a achimwene akusintha. Mawu amenewo ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana.

"Ameneyo mumamudziwa?"

"Kumudziwa? Aphunzitsi, uyu ndi mfumu. Wogoletsa woposa uyu sanabadwe."

Kenako mpando unakhwekhwereza pansi, kusonyeza kuti achimwene asendera pafupi.

"Bwerezani."

Munthu amene wakhala ndi ludzu zaka makumi awiri, akapeza chitsime simungamuuze za mlandu wa mlongo wake. Achimwene anali atapeza munthu woyamba m'moyo wawo, kunja kwa seminale, wodziwa mpira umenewu, ndipo choposa apo, munthuyo anali wotsutsa. Alendowo nawo anauphunzira ku Joni, ali mlonda pa nyumba ina pamene wailesi ya kanema sinkazima, ndipo chibwerere analibe woti akangane naye.

"Munthu wanuyo wangokhalitsa," anatero achimwene. "Kukhalitsa si luso, fulu nayenso amakhalitsa. Wanga uja akalowa m'bwalo adani onse akudziwa kuti mpira ukupita kwa iye. Amugwira malaya, amuponda, amukhoma zigongono, koma agoletsa ndithu. Masiku amenewo kunali kumenyana, osati zamasiku ano zoti ukangomupumira munthu, wezulo yalira."

"Aphunzitsi, nkhokwe sitiyesa ndi dengu limodzi. Timayang'ana chimanga chonse chimene chalowamo. Phatikizani zigoli zonse, kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, muone wanuyo ngati sakutsalira kufumbi."

"Mlimi wolima zaka zambiri adzaposa ndithu wolima zaka zochepa. Funsani pa ekala. Pa ekala imodzi ankakolola zingati? Ndiye aveleji imeneyo, ndimaphunzitsa ana zimenezi."

"Nanga anasiyiranji kulima ngati anali katswiri?"

Ndinaganiza kuti ndi malonje chabe, atha. Amuna amayamba apalasa kaye asanafike pa nkhani yovuta. Ndinabwereza mawu anga chamumtima, n'kukonza chitenje. Koma m'malo moti athe, osewera otchulidwa anayamba kuchuluka pansi pa mangowo. Analowapo chimphona china chakalekale chimene akuti tsiku lina chinagoletsa chokha kuposa timu yonse, alendo n'kunena kuti nthawi imeneyo chinkasewera ndi anthu ofika m'chiuno mwake. Analowapo wina woponyera kutali, amene akuti chigoli chake chimodzi amachiwerenga katatu, achimwene n'kunena kuti kumeneko si kugoletsa koma kuopa anthu, munthu kuponya mpira ali ku Liwonde. Ankawatchula mayina ngati ana a m'mudzi mwathu. Ankadziwa amene anali wodzikonda, amene sankapatsira anzake, amene anakalamba bwino ndi amene anakalamba moipa. Anafika pa wina amene akuti akanaposa onse chikhala kuti sanathyoke bondo.

"Linali la kumanja," anatero alendo.

"La kumanzere," anatero achimwene. "Musandiphunzitse. Ndinaona ndi maso anga mmene anagwera, ndinalephera kudya tsiku limenelo. La kumanzere."

Ine ndili pabedi, dzanja langa lili pa khutu.

Ndinatsokomola. Ndinagwetsa kapu yachitsulo dala. Ndinatsegula zenera n'kulitsekanso mwamphamvu. Achimwene anangoti, "Tikubwera chemwali, tikumanga kaye maziko," n'kupitiriza za bondo lija. Wina angafunse kuti bwanji sunatuluke. Funso limenelo amafunsa ndi anthu amene sanakhalepo mkazi wodikira ankhoswe. Ukatuluka usanaitanidwe wadzipezera wekha mlandu. A kuchimuna amangoyang'anana n'kuti, mwaona, ndi mmene amachitiranso kunyumbako. Ine ndinkafuna kulowa pa nkhaniyo ndilibe banga, kuti chokambidwa chikhale khutu lokha. Ndiye ndinakhala, thukuta likutsika kumsana, malata akulira ndi dzuwa.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva achimwene akuti, "Apa sitimvana. Tiitane munthu wachitatu." Ndinaimirira. Ndinamanga chitenje, ndinapukuta kumaso, ndinafika mpaka pachitseko cha chipinda.

"Alamu! Tabwerani kuno."

Mwamunayo sankadziwa kalikonse za mpira umenewu. Akanauona pamsewu akanayesa dzungu. Koma chimodzi ankachidziwa bwino, ndicho kuona kumene mphepo ikulowera. Anamufotokozera mbali zonse ziwiri, iye akuti "eya, eya", kenako anayankha ndi mawu ake ofatsa aja, amene anthu a kutchalitchi ankamukondera.

"Ine sindidziwa zambiri, koma ndikuona ngati alamu akunena zoona. Akale aja anali amuna."

"Mwamva?" anatero achimwene. "Mlamu wanga uyu ali ndi mutu. Bweretsani dzanja."

Ndinamva manja akuwombana. Dzanja lomwelo, la kumanja, limene linandigwetsera nyemba pansi. Achimwene anga, a bere limodzi ndi ine, analigwira n'kuligwedeza akuseka. Ndinabwerera pabedi. Sindinadane ndi mwamunayo nthawi imeneyo kuposa kale, iyeyo ndinali nditamudziwa. Amene anandinyansa ndi achimwene, ndi tayi wawoyo.

Alendo sanagonje. Anati zokamba pakamwa zakwana, aonetse kanema anthu adzionere okha. Koma kwathu netiweki sipezeka paliponse. Imakhala pachulu cha kuseri kwa munda wa chinangwa, ndipo aliyense wofuna kuimba foni amakwera pamenepo. Ndinamva mipando ikugwa, mapazi akupita, mawu akuchepa mpaka kutheratu. Anapita onse atatu. Ine ndinatsala chikhalire, khutu labwino lili kuzenera kudikira kuti abwerere, lakufalo lili kuchitseko, mbali ya pabwalo.

Zimene zinachitika pabwalopo ndinazimva pambuyo pake kwa mayi aang'ono. Iwo anali atapita kudimba kukathyola tomato, ndipo anachedwako. Pobwera anaona amuna atatu ali pamwamba pa chulu, mitu pamodzi, akuseka, mkamwini ali pakati, dzanja la achimwene lili paphewa pake. Kwa munthu wa msinkhu wawo chithunzi chimenecho chili ndi tanthauzo limodzi lokha. Anaganiza kuti ndinaitanidwa iwo kulibe, ndinayankhula, mtima wanga unafewa, ndipo ndabisala m'nyumba chifukwa cha manyazi. Komabe sanachite za m'mutu mwawo. Anapita, anagwada pansi pa chulucho, nafunsa monga mwa mwambo.

"Bambo, nkhuku ija titani nayo?"

Achimwene osadzutsa mutu n'komwe. "Iphani mayi, iphani. Alendo ali ndi njala."

Tambala akamaphedwa amalira, amapalapata, mudzi wonse umadziwa. Uyu anaphedwera pafupi ndi khomo la nyumba imene ndinalimo. Ndikanamva, ndikanathamanga n'kugwira mpeniwo. Sindinamve kanthu. Chimene chinandiuza ndi mphuno: fungo la nthenga zonyowa ndi madzi otentha, fungo lija limakakamira kukhosi. Ndinatuluka. Mutu wa tambala unali pafupi ndi mtondo, nyerere zitaupeza kale, magazi atada pa dothi. Mayi aang'ono anali chikhalire akusosola, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, nkhope ili ngwee.

"Mayi, mwatani?"

Anandiyang'ana, manja n'kuima. "Sanakuitane?"

"Iyayi."

Anayang'ana nkhuku ili m'beseni, anayang'ana kuchulu. Kenako anati, "Mwanangu, ndakulakwira. Koma sinadyedwe. Kutentha kuno tikaisiya iwonongeka, ndiiphika basi. Iwe ukanene asanapise dzanja m'mbale. Mlandu suwola."

Anabwera kuchokera kuchulu foni itatha moto, akukanganabe. Tayi wa achimwene anali atalowa m'thumba. Anakhala pakhonde, mayi aang'ono anabweretsa mpunga ndi nkhuku ija, anayamba kuwasambitsa m'manja pang'onopang'ono, akundiyang'ana. Ndinabwera, ndinagwada pamphepete.

"Achimwene, ine sindinayankhule."

Anandiyang'ana ngati munthu amene wadzutsidwa kutulo. Anayang'ana mbale, anayang'ana dzuwa limene linali litapendeka, anandiyang'ananso ine. Ndinawaona akukumbukira. Zinaoneka poyera pankhope pawo, ndipo kanthawi kameneko ndinawamvera chisoni, ndinati anena kuti talakwitsa, vundikirani mbalezi tiyambe. Mawu ochepa chabe, ine ndikanawakhululukira tsiku lonselo. Koma pambali pawo panali mlendo, munthu amene anamuuza tsiku lonse kuti musandiphunzitse. Mphunzitsi wa dongosolo avomere bwanji kuti waiwala chimene anabwerera? Anakonza kukhosi.

"Chemwali, zazikuluzikulu takambirana kale ife akuluakulu. Mlamu wangayu ndacheza naye tsiku lonse, ndamuona mtima wake, si munthu woipa. M'banja simulephera tizinthu. Banja ndi kupirira. Nanga nkhuku yafa kale, madzi akatayika saoleka."

Anapisa dzanja m'mbale, anatola nthutumba, n'kuwaikira alendo.

Anadya. Ndakhala ndikuona anthu akudya moyo wanga wonse, koma kudya kwa tsiku limenelo ndikakumbukira ndimasiya nkhuku mwezi wathunthu. Mafuta akutsika m'zigongono, mafupa akuphwanyidwa n'kuyamwidwa, ndipo pakati pa kutafunako mkangano unabwerera, mpunga ukuthothoka m'kamwa. Alendo anati wawo uja akanabadwa kale akanawaphwanya akalewo, achimwene anawaloza ndi fupa la mwendo. Mwamunayo ankadya mwakachetechete, mwaulemu, ngati mkamwini wabwino. Atatha ananyambita zala, anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo, n'kumwetulira, njere ya mpunga ili pamlomo.

"Konzekani mayi, tinyamuke dzuwa lisanalowe. Njinga ikwana tonse atatu."

Ndinadzuka n'kupita kukhitchini. Mayi aang'ono anali ataima pakhomo pake. Sindinawauze kanthu, ndinangotapa madeya m'thumba n'kuwaza kuyambira panja mpaka m'kati. Iwo anamvetsa. Anali ndi tambala wawo mmodzi yekha, wofiiranso, wamkulu kuposa wakufayo, amene ankamusungira Khirisimasi. Nkhuku zitalowa anatseka chitseko ndi manja awo, ndipo anamugwira ndi iwowo, ine n'kumumanga miyendo ndi kansalu kotsala posoka. Ndinadutsa naye pamaso pa onse atatu, tambalayo akulira, n'kukamukoleka pa chiwongolero cha njinga, pamalo pomwe panali mnzake m'mawa.

Sindinagwade. Mawu amene ndinakonza aja anabalalika, ndinangonena otsala.

"Nkhuku yanu iyo, ili ndi mutu wake. Imene mwadyayo takuphikirani ngati alendo, paja mlendo sabwerera ndi njala. Kupepesa sindinalandire, chifukwa palibe wandipepesa, palibenso wandifunsa. Khutu ili silimva. Analipha ndi awa, ndi dzanja lomwe mwagwirana nalo chanza lija, achimwene. Kuchipatala akuti silidzamvanso. Ku Balaka sindipita, lero kapena mawa."

Sindinalire, ndipo chimenecho ndimanyadira mpaka pano. Alendo aja anatembenukira kwa msuweni wawo, manja ali m'mwamba osasamba, mafuta akuwala. "Iwe unandiuza kuti munangotsutsana pakamwa," anatero. Mwamunayo anayang'ana pansi, n'kuyamba kunena kuti dzanja linangoterereka. Alendowo anapukutira manja m'thalauzi, anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti, "Pepani mayi." Pa anthu atatu amene anadya nkhuku ija, amene anapepesa ndi mlendo.

Achimwene anatulutsa mawu awa:

"Nanga bwanji sunanene?"

Ndinawayang'ana. Anayankha ndi mayi aang'ono, amene chibadwire changa sindinawamvepo akudzudzula mwana wamwamuna pamaso pa alendo. "Anene kwa ndani, bambo? Kwa chulu?"

Njinga inanyamuka ndi anthu awiri ndi tambala wamoyo. Banja linatha, ngakhale panatenga nthawi ndi maulendo ena amene sindikufuna kuwakumbukira. M'mudzi anthu anagawikana. Ena ankati nkhuku ikadyedwa yadyedwa, yobweza siwerengedwa, ndipo ndinachititsa manyazi mwini mbumba. Ena, makamaka amayi a kumjigo, ankangondigwira dzanja. Khirisimasi ya chaka chimenecho tinadyera matemba. Makina anga ndinakawatenga, ndipo tsopano ndimasoka pakhonde lina pa msika wa kufupi ndi kwathu, kwa Kawinga.

Achimwene ndi alendo aja anasanduka mabwenzi a ponda apa n'pondepo. Anapatsana manambala tsiku lomwelo, pachulu paja. Amaimbirana, amatumizirana makanema, ndipo nkhani yawo sinathe, wamkulu sanapezekebe. Unkhoswe wawo wakhalitsa kuposa banja limene anauyambira.

Sindinganame kuti achimwene ndi munthu wa nkhanza. Atadwala mayi aang'ono anawanyamula ndi iwowo. Kwa ine anabweretsa nsalu yabwino mwezi wotsatira, anaiika pa makina, n'kuyamba kukamba za mvula. Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwawo, mawu enieniwo sanatuluke mpaka lero. Amabwera pakhonde langa akalandira tchuthi, tsitsi layamba kuyera, foni ili m'manja, nkhani ili kale pamlomo: wina waphwanya rekodi, wina wabwera wachinyamata woti anthu akumuyerekeza ndi wawo uja, zachipongwe zenizeni. Amakumbukira chaka, amakumbukira timu, amakumbukira bondo. Akafika amaima kutsogolo kwa makina, akuyang'ana uku ndi uku pofuna pokhala, ndipo nthawi zonse amafunsa funso lomwelo.

"Paja ndi khutu liti, chemwali?"

"Khalani apa, achimwene," ndimatero ine, n'kuwakokera mpando kumanzere. Amakhala, amayamba, ine n'kumaponda makina anga.